Msundwe sitinaiwale: chipukutamisozi chokha si chilungamo

Anzathu, tikumbutsane.

Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa pa zionetsero ku Msundwe, apolisi anakhamukira ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi anthu ovala yunifomu. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza n'kutsimikiza. Mu Ogasiti 2020, Jaji Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukutamisozi. Ndalamazo ndi za misonkho yathu. Ndiye tikufunsa: amene anachita zimenezi, ndani analowa m'ndende?

Ngati nkhani yomwe dziko lonse linamva inayenda chonchi, nanga mtsikana wa ku Ndirande kapena Mtandire yemwe alibe loya?

Pa pepala lamulo lathu ndi lolimba. Gawo 133 la Penal Code limalola ngakhale ndende moyo wonse kwa wogwiririra. Koma vuto lili panjira yopita kukhoti. Pa kauntala ya polisi akufunsa kuti, "Unavala chiyani? Umakatani kumeneko usiku?" Galimoto ilibe mafuta, eti wodandaula apeze yekha thiransipoti. Kukhoti mlandu ukungosunthidwa, mboni zikutopa, fayilo yasowa. Kunyumba amalume akuti, "Tikambirane pachibale, tisachititse manyazi banja." Mapeto ake mwana wasiya sukulu, wogwiririra akumwa mowa pa bawo.

Zomwe tikufuna ndi izi:

1. Apolisi a nkhani ya ku Msundwe azengedwe milandu ngati wina aliyense. Independent Complaints Commission itiuze poyera pomwe yafika.
2. Victim Support Unit iliyonse ikhale ndi chipinda chapadera, wapolisi wamkazi wophunzitsidwa, ndi mafuta a galimoto.
3. Malo a Chikwanekwane, monga omwe ali ku Queens, pomwe dokotala, polisi ndi aphungu amapezeka pamodzi, afike ku boma lililonse ndipo azigwiradi ntchito.
4. Milandu yogwiririra ikhale ndi malire a nthawi. Fayilo ikasowa, wina ayankhepo.
5. Mafumu ndi akumpingo asiye kuweruza nkhanizi pabwalo. Kugwiririra si mlandu wa mbuzi kapena nkhuku.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Mafana, mnzanu akamadzitama kuti "ndinamuledzeretsa", musaseke, ameneyo ndi wogwiririra. Kumugulira chipisi kapena bandulo sikugula thupi lake. Wakana, ndiye wakana basi. Ndipo tisiye kumwaza mayina ndi zithunzi za ogwiriridwa pa WhatsApp.

Zikachitikira mnzanu, mukhulupirireni, ndipo mperekezeni kuchipatala msanga. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amafunika kuyamba pasanathe maola 72, ndipo kuli mankhwala opewa mimba. Ngati n'kotheka asasambe kaye, ndipo zovala zisachapidwe, ndi umboni. Pa nkhani za ana, imbani 116, ndi yaulere. Anyamata nawonso amachitiridwa nkhanza zoterezi, ndipo thandizo ndi lomwelo.

Manyazi si a wogwiriridwa. Ndi a wogwiririra ndi onse omubisa.

Tumizani uthengawu m'magulu anu onse.