Fetereza yekha sangatipulumutse ku njala

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga kudzera m'nyuzipepa yathuyi pa nkhani ya njala yomwe yakhala ngati mlendo wosatsanzika m'dziko muno.

Aliyense wogwira khasu akudziwa kuti mvula sikubweranso monga kale. Imachedwa, ikagwa imadula chimanga chili pa ngaiyaye, kapena imagwa yochita kukokolola minda. Mu 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera ndi kukwirira minda m'matope. Chaka chotsatira kudadza ng'amba ya El Nino, mpaka mtsogoleri wa panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

N'zoona kuti utsi wochuluka womwe ukutenthetsa dziko lapansi ukuchokera ku mafakitale ndi magalimoto a maiko olemera. Koma kudandaula kokha sikudzaza nkhokwe. Nafenso tikuonjezera vutoli. Tikameta phiri potentha makala, madzi a mvula salowa pansi, amangothamanga ndi nthaka yachonde kukaitaya mu Shire. Tikatentha mapesi posaka mbewa, munda umatsala pambalambanda ndipo chinyontho chimatha msanga.

Chondidetsa nkhawa, Akonzi, n'chakuti kuyambira 2005 gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likupita ku fetereza wotsika mtengo, makamaka wa chimanga. Sindikunena kuti fetereza ngoipa ayi. Koma thumba la Urea lithandiza chiyani m'munda mouma gwa? Nanga likakokoloka ndi madzi osefukira, mlimi akalirira kwa yani?

Ndikupempha boma kuti ndalama zina zipite ku ulimi wamthirira. Ngalande yochokera ku Kapichira kupita ku Chikwawa ndi chiyambi chabwino, koma alimi a ku Balaka, Phalombe ndi Karonga akufunanso madamu ang'onoang'ono ndi mapampu oyendera dzuwa. Alangizi a zaulimi nawonso achuluke, ndipo azifika kumudzi ndithu.

Alimi anzanga, tisiye kuganiza kuti chakudya ndi nsima ya chimanga basi. Makolo athu ankalima mapira, mawere, chinangwa ndi mbatata, mbewu zopirira ku chilala. Nandolo amabwezera chonde m'nthaka, komanso ndi ndiwo. Mtengo wa msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho suphimba mbewu, ndipo masambawo amasanduka manyowa aulere. Mapesi tiziphimbira nthaka m'malo moyatsa moto.

Mafumu athu nawo asamangoyang'ana pamene anthu akulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Paja madzi akatayika saoleka. Nthaka ikapita, ana athu adzalima pati?

Mlimi wokhudzidwa,
Balaka.