MTENGO NGWANU, KOMA MUKAUDULA NDINU MBALA

Agogo anga adabzala mibawa itatu m'malire a munda wathu, kufupi ndi Bvumbwe, ine ndisanabadwe. Ankati mitengoyo ndi buku lawo la kubanki. Chaka chimene ndalama za fizi zidandithera ku yunivesite, amalume adadula umodzi, nacheketsa matabwa, nabwereka galimoto kuti akagulitse ku Limbe. Sadafike. Pa chipata china cha pamsewu adafunsidwa chikalata choyendetsera matabwa. Kalata ya amfumu imene adatulutsa idasekedwa. Matabwa adatsitsidwa. Amalume adayenda katatu ku ofesi, katatu konse adauzidwa kuti bwana wosayina wachokapo. Matabwawo sitidawaonenso, ndipo ine sukulu idathera pomwepo.

Sindikulemba kuti mundimvere chisoni. Ndikulemba chifukwa amalume, amene kale sankaphonya nyengo yobzala, kuyambira tsiku limenelo sadabzalenso mtengo ndi umodzi womwe. "Mphwanga," amatero, "ndibzalire yani?"

Funso limeneli boma liyankhe.

Lamulo la atsamunda la nkhalango la 1942 lidaphunzitsa Mmalawi kuti mitengo ya mtengo wapatali monga mbawa ndi mlombwa mwini wake ndi boma, ngakhale itamera pakati pa chimanga chake. Boma la chipani chimodzi lidalisunga lamuloli, likumatiguba kukabzala mitengo chaka ndi chaka. Titavota pa 14 June 1993 tinkati zonsezi zapita pamodzi ndi makadi a chipani. Ndipo zidaoneka ngati zapitadi: lamulo latsopano la nkhalango la 1997 lidanena poyera kuti munthu amene wasamala mtengo pa malo amene ali ndi ufulu wolimapo, kaya wobzala kaya womera wokha, mtengowo ngwake, akhoza kukolola ndi kugulitsa mosawononga. Mawu okoma! Koma lamulo lomwelo likuti mitengo yachilengedwe isachoke pa malo a eni popanda chilolezo cha mkulu wa nthambi ya zankhalango, ndipo makala a mitengo yotere asaotchedwe popanda laisensi. Mu 2020 lamuloli lidakonzedwanso, zilango nkukwera. Njira ya mlimi yopezera chikalata ndiyo sidafupike.

Tsono ufulu wake ndi uti? Inu amene mudabwerera kuchokera ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam mukukumbukira za chiphaso choyendera: palibe ankakuletsani poyera, ankangoti bwerani mawa. Mtengo wa mlimi uli pa mzere womwewo.

Taimani pa msika wa Bvumbwe muyang'ane chakum'mwera. Minda ya tiyi ya Conforzi, Satemwa ndi Naming'omba ili ndi nkhalango zake za bulugamu, chifukwa tiyi saumitsidwa popanda nkhuni. Mitengoyo amadula pa nthawi yawo, nkuitengera ku fakitale mkati mwa malo awo omwewo. Akafuna pepala ali ndi makalaliki, galimoto ndi maloya. Sindikuwada chifukwa chobzala. Akuchita zimene aliyense angachite atadziwa kuti chobzalacho adzakolola. Koma mdzukulu wa munthu amene adagwira thangata pa nthaka yomweyi, wa kamunda kosakwana ekala, ayenera kusiya khasu, kulipira minibasi kupita ku boma ndi kubwerera, mwina kangapo, chifukwa cha mtengo umodzi. Pomaliza phindu la matabwa lathera m'njira, kapena m'thumba la wina.

Akuluakulu ayankha kuti tikamasula, mbala zonse zidzati "ndadula m'munda mwanga." Nkhawayi njoona. Mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Tidaona mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, chimene phiri lopanda mitengo limachita. Koma tafunsani: nkhalango ya pa phiri la Thyolo inali m'manja mwa yani pamene inkatha? Chikangawa, mahekitala oposa 50,000 a paini, adamugwetsa ndani, mlimi wa matimati wa ku Bvumbwe kodi? Mkungudza wa pa phiri la Mulanje udatsika ndi zikalata za amfumu? Zonsezi zinali nkhalango za boma, zolondedwa ndi boma. Mitengo imene yapulumuka kwathu kuno ndi ya kumanda, ya m'maesiteti, ndi ya m'malire a minda, ndiye kuti mitengo imene ili ndi mwini wake.

Chipata cha pamsewu chimafika mochedwa. Thabwa silinena kumene lachokera; chitsa ndicho chimanena. Choncho ndikupempha zinthu zitatu, zosafuna ngongole ya kunja. Choyamba, mtengo wa m'munda uzilembedwa usanagwe, pamaso pa amfumu, komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi imene lamulo la 1997 lidaivomereza kale, ndi mlangizi wa zankhalango wa m'deralo, ndipo kalata yawo ikhale yokwanira pa chipata chilichonse. Chachiwiri, bulugamu, paini ndi mitengo ina yobzala ndi manja isamafunsidwe kanthu kena kupatula kalatayo. Chachitatu, malipiro onse alembedwe m'Chichewa ndi kukhomedwa pa msika, ndipo aliyense wolandidwa katundu apatsidwe lisiti yokhala ndi dzina la wolandayo.

Mvula ikayamba nduna zidzabweranso ndi makamera, kubzala kambande kamodzi, kusamba m'manja, nkutilangiza kuti tikonde mitengo. Anduna, anthu a ku Thyolo mitengo amaikonda kale. Chimene sakonda nkuweta ng'ombe imene mkaka wake akamwe ndi wina.

Mibawa iwiri ija ikadalipo m'malire a munda wathu. Amalume akuti imeneyo ndi ya bokosi lawo la maliro, poti ulendo umenewo wokha ndi umene sudutsa pa chipata.