Maliro a Dorika ndi Misozi ya Akazi Amasiye

Buku la Macitidwe a Atumwi, pa mutu 9, lisimba za maliro amene anagwa mu mzinda wa Yopa, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Womwalirayo anali mai Tabita, amene m'Cigiriki anali kuchedwa Dorika. Abale mu mpingo anasambitsa mtembo, nauika m'cipinda ca pamwamba, natuma amuna awiri ku Lida kukaitana mtumwi Petro.

Petro atafika, akazi amasiye anamzinga ali kulira, namuonetsa zobvala zimene maiyo anasoka akali moyo. Umboni wa moyo wace unali pa matupi a osauka. Akulu akale ananenetsa kuti kupatsa n'kuika.

Nkhani imeneyi iyenera kucititsa manyazi mipingo yambiri ya m'midzi. Akamwalira mai amene anali kuphikira odwala phala ndi kutungira nkhalamba madzi, anthu amagona pa maliro, nyimbo kuimbidwa usiku wonse. Koma likatha tsiku la kumeta, ana amasiye amene iye anali kudyetsa amaiwalika. Kodi misozi yotere ipindulira yani?

Coipitsitsa n'cakuti ena oimba pa maliro ndiwo amene amalanda mkazi wamasiye ng'ombe, njinga ndi malata a nyumba. Boma la Zambia linakhazikitsa lamulo mu 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira osalemba kagawidwe kace. Pa magawo 100, ana amalandira 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene anali kudalira malemuyo 10. Lamuloli silikhudza minda ya pansi pa mafumu, cotero kumeneko mau a nyakwawa ndi akulu a mpingo ndiwo angachinjirize wamasiye.

Ku Yopa, Petro anapemphera, Dorika nauka, naperekedwa wamoyo kwa okhulupirira ndi amasiye aja. Mpingo wa lero sungayembekeze kuti womwalira abwerere ku nchito yace. Azimai a Dorika a mpingo wa Seventh-day Adventist, a Cigwirizano a Reformed Church in Zambia, pamodzi ndi magulu a mipingo ina, ayenera kulemba maina a onse amene malemu anali kuwathandiza ndi kuwagawana asanabalalike pa manda.

Maliro n'kulirana, indedi. Koma mpingo umene walira Dorika wace moona udzadziwika pa dzinja, pamene munda wa wamasiye udzapezeka wolimidwa.