Usiku Umene Ananyamula Bokosi la Yosefe

Lero ndadza ndi funso limene lautsa mtsutso mu mpingo wathu pa komboni pano. Funsolo ndi ili: Mulungu atakulolani kuona ndi maso anu chinthu chimodzi chokha mwa zonse zolembedwa m'Buku Lopatulika, inu mungasankhe chiti?

Analiyambitsa ndi mkulu wa mpingo, ndipo ine ndakhala ndikutola mayankho masabata atatu, ena pakhomo la tchalitchi, ena pazenera la ofesi. Ambiri asankha m'mawa wa kuuka kwa Ambuye, ndipo pamenepo palibe wotsutsa. Amayi a chigwirizano afuna khola la ku Betelehemu. Mnyamata wina wokankha ngolo anati iye afuna ukwati wa ku Kana, kumene madzi a m'mitsuko 6 anasanduka vinyo, ndipo ife amene timadziwa kumene amakhala Loweruka madzulo sitinam'funse chifukwa chake.

Koma anthu ogwira ntchito pansi asankha mosiyana ndi ife a pamwamba. Ambiri a iwo atchula Lazaro wa ku Betaniya, amene anagona masiku 4 m'phanga lotsekedwa ndi mwala. Madala ena a ku Dedza, amene tsiku lina miyala inawatsekera njira kwa usiku wathunthu, anati iwo safuna kuima panja pamodzi ndi Marita ndi khamu la anthu. Afuna akhale m'kati, pambali pa Lazaro, kuti aone kuwala koyamba kukulowa pamene mwala wayamba kusuntha. Atatero tonse tinangoti chete. Tinakumbuka za pa 6 June 1972, pamene anthu 427 anafera mu mgodi wa malasha wa ku Wankie, ena mwa iwo Amalawi. Ambiri sanatulutsidwe, khomo la mgodi linatsekedwa iwo ali momwemo kufikira lero.

Tsono ine ndisankha chiyani? Musaseke, anzanga. Ine ndifuna kuona anthu akunyamula bokosi la maliro.

Nkhani yake muidziwa. Yosefe anachoka kwawo ali ndi zaka 17, atagulitsidwa ndi abale ake pa ndalama za siliva 20. Anagwira ntchito m'nyumba ya mwini wake, analowa m'ndende, ndipo pa zaka 30 anakhala kapitawo wa dziko lonse la Aigupto. Anakwatira mkazi wa komweko, nabala ana komweko. Kunena mwa chiyankhulo chathu, Yosefe anali mtchona. Atate wake Yakobo atamwalira, anawaperekeza kwawo ndi magaleta ndi apakavalo, nakawaika m'phanga la Makipela. Koma iye mwini, pomwalira ali ndi zaka 110, sanatengedwe. Anangolumbiritsa abale ake kuti tsiku limene adzachoka m'dzikomo adzatenge mafupa ake. Buku la Genesis likutha mtembo wake uli m'bokosi ku dziko la eni.

Apa ndi pamene pandigwira mtima. Pa Eksodo 12 tiwerenga kuti ana a Israyeli anakhala ku Aigupto zaka 430. Inadza mfumu yosam'dziwa Yosefe. Adzukulu ake anasanduka akapolo oumba njerwa, ofunafuna okha udzu. Amene anamva lumbiro lija ndi makutu awo anatha onse. Nanga bokosilo analisunga ndani? Linali m'nyumba ya yani? Buku silinena. Koma payenera kuti panali nkhalamba zimene zinkauza ana dzina la mwini bokosi ndi dzina la kwawo, anawo nauzanso ana awo. Ndipo usiku wa kutuluka, usiku wa liwiro, anthu atasenza pamapewa ufa wokanda wopanda chotupitsa, ana akulira, ng'ombe zikusokonezana, Eksodo 13 ndime 19 ikutiuza kuti Mose anatenga mafupa a Yosefe. Ine ndifuna ndione amuna amene anaika pansi katundu wawo kuti asenze bokosi la munthu amene sanamuonepo. Anayenda nalo pakati pa Nyanja Yofiira, anayenda nalo zaka 40 m'chipululu. Mose anamwalira panjira, koma bokosi linafika. Pa Yoswa 24 akuliika ku Sekemu, m'munda umene Yakobo anagula kwa ana a Hamori ndi ndalama 100.

Mwina wina anena kuti: “Akalaliki, zonsezi zitikhudza bwanji ife?” Yendani kuseri kwa komboni ya pulazi iliyonse kuyambira ku Mvurwi kufikira kuno, mudzapeza manda a anthu a ku Ntcheu, a ku Mangochi, a ku Chipata ndi a ku Angonia. Makolo athu anafika boma lino likutchedwa Sipolilo, dzina limene linasinthidwa mu 1982. Ena anadza pansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena ndi Mthandizi. Anati adzakhala zaka ziwiri, agule njinga ndi bulangete, abwerere. Anachuluka kotero kuti mu 1912 Mbusa Vlok, mmodzi wa amene anayamba mishoni ya ku Mvera, anatumidwa ku Salisbury kudzawayang'anira, ndipo mpingo umene tikutcha CCAP Sinodi ya Harare unachokera pamenepo. Ambiri a makolowo sanaonenso kwawo. Mapulazi atalandidwa kuyambira mu 2000, mabanja anabalalika, ndipo manda ena alibenso wowalambula.

Sindikunena kuti tikafukule agogo athu ndi kuwakweza basi. Ambiri a ife tinabadwira konkuno, ndipo malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anavomera kuti wobadwira muno, kholo lake lili la ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndi nzika. Mneneri Yeremiya nayenso analembera a ku Babulo kuti amange nyumba ndi kulima minda kumene ali. Kunyamula maliro kuchoka kuno, kudzera ku Nyamapanda, ku Tete mpaka ku Mwanza, kufuna ndalama zimene munthu wa fosholo sangazipeze yekha. Ayi, chimene chandisautsa ndi china.

Ntchito yanga ndi kulemba kaundula. Munthu akalembedwa ntchito ndimam'funsa dzina, wachibale woti tim'dziwitse pakagwa ngozi, ndi kwawo. Madala amayankha bwino: mudzi wakuti, mfumu yakuti, boma lakuti, ndipo ena amawonjeza ndi dzina la mtsinje umene ankasambako. Koma anyamata a msinkhu wanga amangoti “ku Malawi”. Ndikafunsa kuti ku Malawi kuti, amaseka. Wina anati agogo ake ankatchula phiri, koma dzina la phirilo linapita nawo kumanda. Ana a Israyeli anali akapolo opanda sukulu, koma anasunga dzina limodzi ndi malo amodzi zaka mazana. Ife tili ndi mafoni m'matumba, ndipo tataya dzina la mudzi pa mibadwo itatu yokha. Mwaona nokha zimene zimachitika pakagwa maliro: uthenga ulibe kopita, ndipo mlongo wa malemu ali ku Ntcheu akuyembekezabe kalata.

Chotero ndikupemphani, inu amene muli ndi nkhalamba pakhomo, khalani nazo pansi Lamulungu likudzali. Zifunseni mudzi, mfumu, boma ndi mfunda, mulembe patsamba loyamba la Baibulo lanu. Mukatero pitani kwa kalaliki wa pa mgodi wanu akakonze kaundula, salipiritsa kanthu. Ndipo amene muli ndi yankho lina pa funso lija, lembani kalata kwa Mkonzi. A ku Mutorashanga sitinamve mawu anu.

Ndine wanu,
Kalaliki wa pa Mgodi, Guruve.