Bizinesi ya pafoni imayima pa kukhulupirika

Masiku ano munthu akatsegula WhatsApp kapena Facebook m'mawa, chomulonjera choyamba ndi malonda. Wina waika zithunzi za nsapato, wina makeke, wina mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, wina nkhuku zososola kale. Ambiri mwa ogulitsawa alibe sitolo ngakhale benchi mumsika. Katundu ali kuchipinda, ndalama zikulowa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pamene ntchito zikusowa chonchi, njira imeneyi ikudyetsa mabanja ambiri, ndipo ndi yoyenera kuilimbikitsa. Koma amene akufuna kuiyamba adziwe kuti foni imangoitana makasitomala. Chowasunga ndi kukhulupirika kwa mwini bizinesiyo komanso luso lake lowerengera ndalama.

Poyamba, sankhani chogulitsa modekha. Ambiri amagwa chifukwa chotengera anzawo. Aona mnansi akupindula ndi mafuta onunkhira, nawonso aoda omwewo, kuiwala kuti manambala amene ali m'foni mwawo ndi a anthu omwewo amene mnansi uja akuwagulitsa kale. Yambirani pa chimene mukuchidziwa bwino. Ngati kwanu ndi kunyanja, mumadziwa usipa wouma bwino ndi mtengo wake. Ngati mumasoka, mumaphika kapena mumalemba bwino pa kompyuta, luso limenelo ndi katundu kale. Musanaononge ndalama, funsani anthu angapo ngati angagule, ndi pa mtengo wanji. Akuluakulu adati safunsa anadya phula.

Kenaka khalani pansi ndi kope ndi cholembera. Tiyerekeze kuti mwaoda nsapato pa K20,000 ndipo mwagulitsa pa K25,000. Mtima umati mwapindula K5,000. Koma chotsanipo ya minibasi pokatenga katundu, ya bandulo, ya jumbo, ya kabaza wokasiya kwa kasitomala, ndi imene amadula potapa ndalama kwa ejenti. Chotsalacho ndiye phindu lanu, ndipo nthawi zina chimakhala chochepa mochititsa mantha. Amene amaoda ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku China ali ndi chinanso choti aganizire. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anagulitsa katundu pa mtengo wakale anapeza kuti ndalama zawo sizikukwananso kuoda wina. Choncho poika mtengo, muziyang'ana ndalama imene mudzaodere ulendo wotsatira.

Bizinesi ya pakhomo ili ndi mdani wina amene amalowa mwakachetechete. Ndiwo zikasowa, dzanja limapita ku ndalama za malonda. Mlamu watenga diresi kuti adzalipira mwezi ukatha, mnzanu wa kutchalitchi watenganso pangongole. Pakutha kwa miyezi itatu katundu watha, mpamba kulibe. Patulani nambala ya bizinesi yokha, lembani chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo dzipatseni malipiro odziwika pa sabata kapena pa mwezi. Mpamba woyambira ndi bwino uchokere m'zimene mwasunga kapena ku banki m'khonde. Katapila amadya phindu lonse bizinesi isanaime n'komwe.

Tsopano pa nkhani yaikulu. Mumsika wogula amagwira nsalu, amayeza nsapato, amanunkhiza nsomba, kenaka n'kutulutsa ndalama. Pa intaneti amatumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo, pa katundu amene wangomuona pachithunzi. Chimene akudalira ndi mawu anu basi. N'chifukwa chake chithunzi chikhale cha katundu amene alidi m'manja mwanu. Mujambuleni panja kukuwala, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ngati malaya a kaunjika ali ndi banga pakolala, lionetseni. Lembani mtengo ndi saizi poyera, osadikira kuti aliyense achite kufunsa kumbali. Mukalonjeza kuti katundu afika ku Mzuzu Lachinayi, afikedi Lachinayi. Mukamupereka kwa otumiza katundu kapena pa basi, jambulani lisiti n'kumutumizira mwini wake nthawi yomweyo. Zikavuta, imbani foni musanaimbiridwe. Kasitomala amakhululukira kuchedwa, koma sakhululukira foni yothimitsidwa, ndipo mbiri yoipa imazungulira magulu a WhatsApp tsiku limodzi.

Wogulitsa nayenso adziteteze. Akuba a pafoni amatumiza uthenga wooneka ngati ndalama zalowa pamene sizinalowe, kapena amaimba kuti atumiza molakwitsa, muwabwezere. Musatulutse katundu musanaone nokha kuti ndalama zawonjezereka mu akaunti yanu, ndipo nambala yachinsinsi musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Chenjeraninso ndi oitanira anthu ku “bizinesi” imene ilibe katundu wooneka, yongoti lipirani ndalama yolowera, bweretsani anzanu, mulemera mutakhala pansi. Kumeneko amadya ndi oyambirira okha, ndipo wotsala ndi manyazi ndi inu amene munakopa abale anu.

Malamulo nawo alipo. Mu 2016 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limazindikira malonda ochitika pa intaneti ndi kupereka zilango kwa ochita zachinyengo kumeneko. Choncho sungani mauthenga onse amene mwagwirizana ndi kasitomala, poti tsiku lina angadzakhale umboni. Bizinesi ikayamba kukula, kalembetseni ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndipo mutenge nambala ya msonkho ku MRA. Masukulu, mabungwe ndi makampani kawirikawiri amafuna zikalata zimenezi asanagule kwa inu. Opanga zakudya zoika m'mapaketi, monga chiponde kapena ufa wa phala, akafunse ku Malawi Bureau of Standards za chiphaso chofunika.

Makampani a foni, pamodzi ndi bungwe la MACRA limene limawayang'anira, akumbukire kuti kwa ogulitsa a pafoni bandulo ndi lendi ya sitolo. Mtengo wake ukatsika ndipo netiweki ikafika bwino kumidzi, mlimi wa mtedza ku Mchinji adzatha kulankhula yekha ndi wogula wa ku Blantyre.

Kwa inu amene mukuganiza zoyamba, musadikire foni yapamwamba kapena ndalama zambiri. Yambani ndi katundu wochepa amene mukumudziwa, lembani tambala iliyonse, ndipo chimene mwalonjeza kasitomala woyamba chichitike monga mwanenera. Iyeyo ndi amene adzakubweretsereni wachiwiri.