Matenda ovutika maganizo ali mu ubongo, koma thandizo lake silifuna makina

Ku Rufunsa, monganso m'maboma ena a m'mbali mwa msewu wa Great East, munthu amene wasiya kudya, sakugona usiku, ndipo khasu lake lachita dzimbiri pakhonde pamene anzake akupalira, amapatsidwa mayina msanga. Ena amati ndi ulesi, ena amati amulodza, ena amati chikhulupiriro chake chazilala. Zoti akudwala zimatchulidwa mochedwa, nthawi zina atayamba kale kulankhula zodzipha. Ine ndikuti umboni wa momwe ubongo umagwirira ntchito wakwana kuti tisiye mayinawa, ndipo umboni womwewo ukutiuza kuti thandizo la munthu ameneyu liyenera kupezeka pachipatala chapafupi.

Ubongo uli ndi zigawo zambiri zimene zimatumizirana uthenga, ndipo zina zimagwira ntchito m'magulu. Mu 2001 Marcus Raichle wa ku Washington University anafotokoza za gulu limene limakangalika munthu akangokhala osachita kanthu, pamene akukumbuka zakale ndi kulingalira za iye mwini. Akatswiri amalitcha default mode network. Mu 2015 Roselinde Kaiser ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wojambula ubongo ndi makina a MRI, ndipo anapeza kuti mwa odwala matenda aakulu ovutika maganizo, zigawo za gululi zimalumikizana mopitirira muyezo, pamene zigawo zothandiza munthu kuika mtima pa ntchito ndi kuletsa maganizo osafunika zimalumikizana mofooka. Zili ngati njira za m'mudzi: imene anthu amaiponda tsiku lililonse imakula, imene aisiya imamera udzu. Munthu amene akubwereza ganizo limodzi usiku wonse, loti ndine wachabechabe, ana anga ndawalephera, sakuchita dala, ndipo kumuuza kuti "limbani mtima, bambo" sikufika pamene pali vuto. Mu 2024 Charles Lynch ndi Conor Liston a ku New York analengeza m'magazini ya Nature kuti gulu lina, limene limasankha zimene munthu azitchere khutu, limatenga malo pafupifupi kuwirikiza kawiri mu ubongo wa odwala ambiri, ndipo kukulako kunaoneka ngakhale mwa ana amene matendawa anali asanawayambe.

Wotsutsa woyamba ndi wasayansi mnzawo, ndipo ali ndi mfundo. Mu 2022 Nils Winter ndi anzake ku Germany anayerekeza ubongo wa anthu pafupifupi 1,800, odwala ndi osadwala, napeza kuti magulu awiriwa amafanana kwambiri, moti poyang'ana muyezo umodzi wa ubongo, kulondola kwa kuzindikira wodwala kunali pafupifupi 55 pa 100, kungoposa pang'ono kuchita mayere. Kusiyana kulipo ukayerekeza magulu aakulu, koma palibe chithunzi chimene dokotala angachikweze n'kunena kuti mayi uyu akudwala. Kwa munthu wa ku Shikabeta kapena ku Chinyunyu, imeneyi ndi nkhani yabwino. Ngakhale ku New York komweko matendawa amawazindikira pofunsa: kodi kwa milungu iwiri yapitayi mwakhala osasangalala pafupifupi tsiku lililonse? Zimene munkazikonda mukuzikondabe? Mukugona bwanji, mukudya bwanji? Namwino wophunzitsidwa pa chipatala cha St Luke's ku Mpanshya akhoza kufunsa mafunso amenewa bwinobwino popanda makina alionse.

Wotsutsa wachiwiri ndi amene ndimamumvera kwambiri. Iye amati mlimi amene chimanga chake chinapsa m'chilala cha 2024, chimene pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 February, akusowa ufa ndi mbewu, ndipo kunena za ubongo wake n'kuthawa nkhani ya umphawi. Zoona, njala, ngongole ya feteleza, maliro ndi nkhanza za m'banja ndi zimene zimayambitsa matendawa mwa anthu ambiri, ndipo kulumikizana kwa zigawo za ubongo kumasintha ndi zimene munthu wakumana nazo. Koma chilala chinagwera mudzi wonse, ndipo mvula itabwerera ambiri anabwerera kumunda pamene ena anakhalabe m'nyumba. Amenewa thumba la mbewu lokha silingawadzutse, ndipo akapanda kuthandizidwa, umphawi wa pakhomo pawo umakulirakulira. Pemphero nalo palibe amene akulitsutsa. Malungo timawapempherera uku tikumwa mankhwala.

Thandizo lotsika mtengo linayesedwa kale pafupi ndi kwathu. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi kukambirana ndi odwala njira zothetsera mavuto awo, limodzilimodzi. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinasonyeza kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 14 pa 100 alionse a amene anakhala pabenchi anali akadali ndi zizindikiro za matendawa, poyerekeza ndi pafupifupi 50 pa 100 a amene analandira chisamaliro cha nthawi zonse. Kuno ku Zambia bungwe la StrongMinds lakhala likuchiza amayi m'magulu okambirana kuyambira 2019. Kwa amene matenda awakulira pali mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine.

Lamulo la 2019 la umoyo wa maganizo linalowa m'malo mwa lachitsamunda la 1949, ndipo likufuna kuti odwala azithandizidwa pafupi ndi kwawo. Koma dzina limene anthu akulidziwa likadali Chainama, chipatala cha ku Lusaka chimene chili pamtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pa boma la Rufunsa, ndipo ambiri amachitenga ngati malo a anthu amisala okha. Ofesi ya zaumoyo ya boma lino iphunzitse anamwino ndi odzipereka a m'midzi kufunsa mafunso aja ku sikelo ya amayi ndi kumene anthu amalandirira ma ARV, ndipo mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda auze nduna zawo kuti munthu wotere azimuperekeza kuchipatala asanamutchule dzina lina lililonse.