Tiwafunse Ana za Bwalo Lao

Mneneri Zekariya, polosera za Yerusalemu wobwezeretsedwa (8:5), anaona misewu ya mzinda itadzala anyamata ndi atsikana osewera. Kwa iye mtendere wa Mulungu unkazindikirika ndi phokoso la ana. Nanga m'makomboni athu a Lusaka, ana amasewera kuti?

Ku Kanyama, kumene thanthwe lili pafupi ndi nthaka, madzi a dzinja amaima masabata ambiri, nasakanizika ndi zonyansa za m'zimbudzi. Tikukumbukira kolera ya 2017 mpaka 2018, ndiponso ya 2023 mpaka 2024 imene inacedwetsa kutsegula masukulu. Ku Chawama, ku George ndi ku Mtendere malo ambiri amene anali mabwalo anasanduka mapuloti, ndipo mpira wa cimpombwa umaseweredwa pamsewu, pakati pa magalimoto. Mwana woyendera njinga ya olumala, kapena wosaona, amangotsalira pakhomo, kumvera anzake ali kuseka kutali.

Dziko la Zambia linavomereza mu 1991 pangano la United Nations la maufulu a ana. Ndime 31 ya panganolo imati kusewera ndi ufulu wa mwana, ndipo ndime 12 imati maganizo ake amvedwe pa zinthu zomukhudza. Lamulo la anthu olumala la 2012 limafuna kuti malo a anthu onse akhale ofikirika kwa aliyense. Malamulo alipo, cotsala ndi kumvetsera.

Ife akulu tikaganiza za bwalo, timathamangira cigoli ca mpira, poti ndico timaciona. Koma atsikana adzapempha malo a phada, waida ndi ciyato, pamthunzi, kutali ndi malo omwera mowa. Mwana wa njinga adzatisonyeza ngalande imene sangaidumphe ndi mcenga umene umamiza mateyala. Wosaona adzapempha kanjira kosalala kopanda maenje. Iwo amadziwa pamene madzi amayamba kuima ndi ngodya imene amaopa kudutsa madzulo.

Conco tikupempha miphakati yathu kuti iyambe ndi malo a parishi. Lamulungu, Misa itatha, aphunzitsi a katekisimu ayende ndi ana kuzungulira bwalo. Ana ajambule pansi kapena papepala comwe akufuna. Makolo a ana olumala ayambe acezeredwa kunyumba, kuti ana aowo asasowe pamsonkhano. Zimene anawo anena zilembedwe, zipite ku bungwe la parishi, kenaka kwa khansala ndi komiti ya citukuko ya wadi. Ndipo cimene sicitheka, tiwauze anawo cifukwa cake, pakuti kufunsa mwana kenaka n'kukhala cete ndi kumuphunzitsa kuti mau ake ngopanda pake.

Ophunzira atakalipira anthu obweretsa ana, Ambuye Yesu anakwiya nawo (Marko 10:13-16). M'mera mpoyamba: mwana amene wamvedwa lero pa za bwalo, mawa adzaliteteza kwa ofuna kuligulitsa.